Nkhuni za Lamulungu

"Bwezerani ufawo m'thumba," anatero a Davison, amuna anga. "Wonse."

Ine n'kuti nditagwada pamphasa, mbale ili m'manja, ndikuchita zomwe ndinkachita Loweruka lililonse: kugawa phoso limene iwo ankalandira ku esiteti ya fodya kumene ankagwira ntchito. Mbale zitatu zinkatsala kwathu, kwa ine ndi ana anga, Dickson ndi Lily. Mbale ziwiri zinkawoloka mtsinje wa Phalombe kupita kwa Belita, mkazi wawo wamng'ono, ndi kamwana kake ka zaka zitatu, Rozaria. Chinali chaka cha njala chija, cha 1949, mwezi wa Novembala, ndipo m'mudzi mwathu muja, m'munsi mwa phiri la Michesi, nyumba zolowa ufa Loweruka unkachita kuziwerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Ndinawafunsa ngati Belita wasamuka. Anati ayi. Ndinawafunsa ngati wapeza kwina kodya. Anati zimenezo sakuzidziwa, ndipo si mlandu wawonso. Atatero anakhala pampando, navula chipewa n'kuchiika pabondo ngati ali kale m'tchalitchi, n'kundiuza kuti akufuna ubatizo. Anali atalankhula kale ndi a Fraser, mkulu wa mpingo wathu. Pakatha masabata atatu abusa abwera kudzalemba mayina a olowa kalasi ya ubatizo, koma wamitala salembedwa. Ndiye Lachinayi lapitalo, ine osadziwa kanthu, anali atawoloka mtsinje ndi mboni ziwiri n'kukamusudzula Belita.

"Mwasankha chaka chabwino chotembenukira mtima," ndinatero.

"Mulungu alibe chaka. Kodi si inu, make Dickson, mwakhala mukundiimbira nyimbo imeneyi? Zaka zinayi zathunthu, ndikangoti ndilowe m'nyumba, mapanga awiri avumbwitsa, mapanga awiri avumbwitsa. Lero ndasiya phanga limodzi, mwayambanso kulira."

"Sindikulira. Ndikufunsa za mwana."

"Mwana ndi wa kuchikazi. Ali ndi amalume ake."

"Amalume ake ati? Aja anapita kwa Apwitikizi mwezi wa Seputembala kukasuma chakudya, osabwerako mpaka lero? Belita alibe mayi, alibe mchemwali. Kutsidya kuja anangopatsidwa malo ngati mlendo. Nkhokwe yake munamanga nokha, ndipo mukudziwa kuti chaka chino simunalowe ngakhale chitsononkho."

"Chimene ndikudziwa n'chakuti lamulo ndi lamulo. A Fraser anena kuti ndisakapondekonso, ndipo kanthu kanga kasalowenso m'nyumba muja, kaya ndi mchere. Tsono nenani, Edina. Ndimvere inu, kapena ndimvere Mulungu?"

Funso lotero mkazi wachikhristu amaliyankha bwanji? Ndinakhuthulira ufa uja m'thumba, ndinakung'untha mbale, ndinamanga pakamwa pa thumba.

Ndisakunamizeni, pakuti ndakalamba ndipo bodza lilibenso ntchito kwa ine. Pansi penipeni pa mtima panali kachimwemwe. Zaka zinayi ndinali ndikupempherera chinthu chimenechi. Amayi anzanga a mumpingo ankagwada nane Lachisanu lililonse, kumutchula Belita pamaso pa Mulungu ngati akutchula matenda. Ndinkafuna tsiku lina ndidzakhale kumbali ya amayi ndikuwaona amuna anga kumbali ya abambo, anthu asiye kundinong'ona. Belita mwiniwakeyo sanandilakwirepo ndi pakamwa. Anali mtsikana wofatsa, wobadwira kutsidya kwa malire, Chinyanja chake chodumphadumpha, moti tikakumana kudambo tinkangolankhula Chilomwe chathu. Koma kufatsa kwa mkazi mnzako sikuchotsa kuti ndi mkazi mnzako. Walira mvula walira matope, amatero. Ine ndinalira mvula, ndipo inandigwera chaka chimene kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo.

M'mawa mwake, titatuluka m'mapemphero, ndinawatsatira a Fraser kuseri kwa tchalitchi. Anthu ena akamanena nkhaniyi masiku ano amawasandutsa a Fraser chilombo. Sanali chilombo. Anali bambo wowonda, wa jekete limodzi, amene chaka chimenecho ankadya kamodzi patsiku ngati wina aliyense, ndipo odwala ankawayendera ngakhale miyendo ikunjenjemera. Vuto lawo linali limodzi basi: chinthu chikangolembedwa, kwa iwo nkhani yatha.

Ndinagwada n'kuwafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandikumbutsa zomwe ndinkazidziwa kale, kuti kwathu kuno mwamuna amene akulowetsa ufa m'nyumba ya mkazi ndiye mwini nyumbayo, kaya asudzule kakhumi. Anati chaka chathachi bambo wina wa cha ku Migowi anawapusitsa choncho, kusudzula ndi pakamwa koma thumba la chimanga likupitabe, ndipo atabatizidwa anabwerera kwa mkazi uja, mpingo n'kusanduka choseketsa cha anthu a pamsika. Anati ulendo uno sakufuna kuchitanso manyazi pamaso pa abusa.

"Nanga ndikanyamula ine?" ndinafunsa.

"Ufawo ndi wa yani, mayi?"

"Ndi phoso la amuna anga."

"Ndiye likhala dzanja la a Davison lomwelo, kungoti lavala chibangili. Pirirani. Akangolembedwa, ife akulu tikhala pansi tione mmene tingamuthandizire mwanayo monga mmphawi wina aliyense, zosakhudzana ndi ukwati. Masabata atatu okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo inu mukudziwa kuti Mulungu amakondwera ndi womvera kuposa wopereka."

Ndinafuna kuwafunsa ngati mimba ya mwana imadziwa kuwerenga masabata.  Koma ndinangoomba m'manja, ndinati zikomo, ndinapita kunyumba.

Tsono tinayamba kudya kawiri patsiku. Mbale ziwiri zowonjezera si kanthu ukamazinena, koma m'nyumba ya njala zimaoneka. Pofika sabata yachiwiri Lily, amene tsitsi linali litayamba kufiira, anayambanso kusewera panja. Dickson anasiya kugona masana. Inenso ndinkadya. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndikudya za yani, koma ndinkatafuna, kumeza, kutsuka mbale. Chisoni sindinkamva, ndipo kachimwemwe kaja kanali katazimiririka. Mtima unangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yayitali.

Lachisanu amayi a mumpingo anandilandira ndi nthungululu. Anati Edina ndiye umboni wakuti pemphero silipita pachabe. Mayi wina, amene amuna ake anali ndi akazi atatu, anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti ndinkapemphera ndi mawu otani, naye akayesere. Ndinamuuza. Za Rozaria palibe anafunsa, ndipo ine sindinayambitse.

A Davison akaweruka kuntchito ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaloweza malamulo khumi, mokweza, kuti a nyumba zoyandikana amve kuti pano pali munthu wa kalasi. Popeza iwo sukulu sanaione, ndinkawawerengera ndine, iwo n'kumabwereza pambuyo. Ankasokoneza lachisanu ndi lachisanu ndi chiwiri, ine n'kumawakonza modekha ngati mphunzitsi. Mtsinje sindinawoloke. Unali utaphwa, mchenga wokhawokha, woti ngakhale mwana wokwawa akanawoloka osanyowa, koma sindinawoloke.

Lachitatu la sabata yachiwiri, tikudikira madzi pachitsime, a Peggy, anansi anga a pakamwa posatseka, anandiuza kuti amuona Belita akukumba zitsa za nthochi kudimba la eni ake, mwana ali kumsana ngati khanda. Ananena mokweza, akuyang'ana amayi ena, n'kumaliza ndi kuti komatu ena chaka chino masaya akubwerera. Palibe anaseka. Ndinatunga madzi anga a matopewo n'kusenza.

Tsiku limenelo a Davison atandipatsa kabuku ka malamulo kuti tiyambe, ndinakaika pansi.

"Bambo a Dickson, mwana uja ndi magazi anu. Makutu aja ndi anu."

"Ndakana liti?"

"Mbale imodzi yokha. Ndipita ndekha m'mamawa, palibe adzaone."

"Mulungu adzaona. A Peggy adzaonanso, ndipo pofika masana a Fraser adzakhala atamva. Mukufuna tsiku lolemba mayina adzandibweze pamaso pa mpingo wonse? Inunso akudulani mumpingo, mwaiwala?"

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akuluakulu. Nanga uyu si wa mnzanu n'komwe. Ndi wanu."

Anafukula dothi ndi chala chakuphazi. Polankhulanso anatsitsa mawu, aja okweza a malamulo khumi atawasiya.

"Make Dickson, tiyeni tilankhule ngati anthu akuluakulu. Mbale zisanu, anthu asanu ndi mmodzi. Mwezi wathawu ndinkawaona ana onse atatu akutha limodzi. Ndikabwera kuno, Lily wagona. Ndikapita uko, Rozaria wagona. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikanapitiriza kugwira uku ndi uku, tikanaika m'manda onse atatu. Tamuyang'anani Lily uyo."

Lily anali pabwalo, akusewera phada yekha.

"Mukufuna ndimubwezere kumene anali? Nenani. Mukati inde, mbale ndi iyo, tengani, pitani. Sindikugwirani."

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti amuna anga anayamba asankha, Mulungu anabwera pambuyo kudzavundikira. Ndinadziwanso kuti akundiitana kuti tisenze limodzi. Mbale inali pomwepo pakhonde. Ndinaiyang'ana, ndinamuyang'ana Lily. Mbaleyo sindinaitenge, ndipo iwo anatola kabuku kaja n'kundipatsa, nati tipitirize pomwe tinalekeza.

Loweruka lomaliza, mawa lake abusa akubwera, ndinalawirira kuphiri kukatola nkhuni. Chibatizidwire changa, zaka khumi ndi chimodzi, ndinali ndisanatolepo nkhuni kapena kutunga madzi Lamulungu. Zonse ndinkakonzeratu Loweruka, ndipo amayi a mumpingo akamalangiza atsikana ankatchula ine. Ulendo uno mtolo unali waukulu, chifukwa amayiwo anagawana ntchito zolandirira abusa, ine n'kundipatsa ya nkhuni. Nkhuni chaka chimenecho zinali kutali. Zapafupi anthu anali atatha kutola n'kumakasinthitsa ndi madeya ku Migowi, moti unkayenera kukwera mpaka kumiyala. Ndinatsika dzuwa litapendeka kale, khosi likuwawa.

Ndikungotula, ndinamva odi wa pansipansi. Anali Belita, ataima kumapeto kwa bwalo. Ndinamuzindikira ndi nsalu. Miyendo inali itatupa mpaka m'mawondo, khungu likunyezimira, koma kumtunda anali mafupa okhaokha. Rozaria anali kumsana, mutu utagwera pambali, maso ali tong'o. Mwana ameneyu kale ankati akandiona n'kuthamanga kudzandigwira nsalu akufuula kuti amayi aakulu. Tsiku limenelo anandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma.

Belita sanalowe pabwalo. Anakhala pansi pomwepo n'kunena m'Chilomwe kuti ndisaope, sanadzere ufa, lamulo analimva. Anati wapeza kalongonda, kansengwa kamodzi, koma alibe nkhuni, ndipo phiri miyendo yake siingakwere. Anali atatentha kale mapesi onse, ndi mitengo ya nkhokwe yomwe.

Amene si Mlomwe mwina sadziwa. Kalongonda ndi nyemba zazikulu zija zimene zimatipulumutsa chaka choipa, koma zili ndi ululu. Umaziika pamoto m'mawa, zikawira umataya madzi akudawo, kuthira ena, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka dzuwa kulowa, madzi atayera. Ukachita changu zimazunguza mutu, munthu wamkulu n'kumasanza ngati waledzera. Zimadya nkhuni za tsiku lathunthu. Ine ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili kamtsikana, ndipo mtolo wokwanira ntchito imeneyo unali pamapazi anga.

Nkhuni si ufa wa a Davison. Ndinatola ndekha ndi manja anga, ndipo lamulo la a Fraser silinkazikhudza. Koma ndinayang'ana dzuwa. Kubwerera kuphiri tsiku limenelo kunali kosatheka. Ndikapereka mtolowu, ndiye kuti mawa ndikakwere phiri Lamulungu, tsiku lomwe amuna anga akulembedwa. Apo ayi, ndikafike kutchalitchi chimanjamanja, amayi anzanga akundiyang'ana, ine amene amanditchula polangiza atsikana. Ndinamasula luzi n'kusolola nkhuni zisanu, zapakatikati.

"Izi ndi za Lamulungu, make Rozaria, za abusa. Tengani izi. Muwiritse kawiri, mutaye madzi, muvundikire. Musadye. Lolemba m'mamawa ndibwera ndi mtolo wathunthu, ndi ufa womwe, pakuti adzakhala atalembedwa. Mwamva? Musadye."

"Lolemba," anatero.

"Ndi mkuja uyu."

"Ndamva, achemwali. Zikomo."

Nthawi yomweyo Lily anatulukira kuseri kwa nyumba akudya mkute. Rozaria anadzutsa mutu. Sanalire, sanatambasule dzanja, anangoyang'ana pakamwa pa mnzakeyo. Ndinamuuza Lily kuti alowe m'nyumba.

Belita anaika nkhunizo pamutu n'kunyamuka pang'onopang'ono, akukoka mapazi. Ine ndinamanganso mtolo wanga, ndinauimika pakhonde kuti mawa ndisavutike posenza.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, ngakhale anthu ankaimba ngati odwala. Abusa anabwera pa njinga, fumbi mpaka m'makutu. A Davison anavala jekete lobwereka, manja ake afupiafupi. Ndinakhala kumbali ya amayi, pafupi ndi zenera, ndipo ndinawaona amuna anga kumbali ya abambo, ndendende monga ndinkapempherera. Ndinadikira kuti ndimve kukoma. Sikunabwere.

Pemphero lalitali lili mkati, ndinatsegula maso n'kuyang'ana panja. Belita anali atakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, miyendo atatambasula. Kumsana kunalibe kanthu. Nsalu yoberekera anali ataimanga m'chiuno.

Ndinadziwa pomwepo. Koma pemphero lili mkati munthu satuluka, ndiye ndinatsinzinanso. Titati ameni abusa anayamba kuitana mayina, ndipo aponso si potuluka. A Davison anaimirira. Anafunsidwa ngati ali ndi mkazi mmodzi, anati inde. A Fraser anafunsidwa ngati zili zoona, anati zoona, masabata atatu sanapondeko, ndipo kanthu kawo sikanalowe m'nyumba muja. Abusa analemba. Amayi a pafupi nane anandigunda ndi chigongono akumwetulira. Tinaimba nyimbo, mavesi onse.

Titatuluka, Belita anaimirira mogwirira mtengo, anabwera, nagwada patalipatali ndi a Davison monga amachitira munthu kwa bambo wachilendo. Anthu amene ankawapatsa a Davison moni wa dzanja anabwerera m'mbuyo.

"Mwana uja watisiya m'bandakucha," anatero. "Sindinabwere kudzayambana. Ndikupempha khasu, langa ndinasinthitsa ndi nyemba zija. Komanso munthu woti akumbe. Kwathu kuja amuna onse anapita kosuma, kwatsala nkhalamba imodzi yosaona."

Kenaka anapitiriza ngati wafunsidwa. Anati nkhuni zinatha madzi achiwiri asanawire bwino. Anavundikira kuti adikire Lolemba. Koma mwana anamva fungo, ndipo atatha masiku atatu osalankhula, anati amayi ndigawireni. Anamupatsa zodzaza kadzanja kake basi. Atadya anayamba kusanza, ndipo thupi linalibe choti lisanze. Anafotokoza zonsezi ndi mawu amodzimodzi, osakwera osatsika. Dzina langa sanalitchule.

A Davison anayang'ana a Fraser. A Fraser anayang'ana pansi. Kenaka ananena kuti imfayi yawawa ndipo mpingo ukumva chisoni. Koma lero ndi tsiku la Sabata, abusa akadali pano, masana kuli mgonero, ndipo sizingaoneke bwino kuti munthu amene wangolembedwa kumene akakhale mwini maliro panyumba imene waisiya. Anati mawa m'mamawa iwo eni adzatsogolera amuna anayi ndi makasu. Ndikhulupirira kuti ankanena zoona, akanabweradi.

"Ndamanga chitseko ndi luzi," anatero Belita. "Koma kukutentha, ndipo agalu a chaka chino sakuopa munthu."

"Bambo a Dickson," ndinatero.

Sanandiyang'ane. Anali akupotokola chipewa m'manja, thukuta likutsika m'khosi.

"Mwamva zomwe anena akulu," anatero. "Mawa."

Ndinachoka pamenepo osatsanzika. Njira ya kunyumba inkadutsa kuseri kwa tchalitchi, kumene amayi ankakonza za abusa. Abusawo, poona mmene anthu analili, anali atakana chakudya, nati awaphikire kaphala basi. Mtolo wanga unali pomwe ndinautula m'mawa, utangosololedwa nkhuni zitatu kapena zinayi. Ndinaima, ndinauyang'ana, ndinapitirira. A Peggy anandiitana koma sindinacheuke.

Kunyumba ndinatenga khasu lalikulu la a Davison, mphasa yakale ndi nsalu yanga yoyera. Kwathu mkazi sakumba manda. Amene amaikidwa ndi amayi ndi khanda lofera m'chikuta, osati mwana woyenda, wodziwa dzina lake. Ndipo linali Lamulungu. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkawoloka mchenga uja, khasu paphewa, anthu akundiyang'ana kuchokera kumtunda. Belita ndinamupeza pakati pa mtsinje, akupumula. Ndinamugwira mkono, tinayenda limodzi.

Luzi pachitseko linali likadali lomanga, koma m'munsi munali mokandakanda. Mkati Rozaria anali pamphasa, atafunditsidwa chiguduli. Mphika unali pamafuwa, wovundikira bwinobwino monga ndinanenera. Tinamusambitsa ndi madzi a m'chikho chimodzi, ndinamukulunga m'nsalu yanga ija, kenaka m'mphasa. Ndinamunyamula ndine. Nkhalamba yosaona ija inatiuza malo, kumapeto kwa msitu wa kumanda kumene amaika alendo, ndipo amayi awiri atatu anatuluka m'nyumba zawo n'kutitsatira chapatali. Kulira palibe analira, mphamvu yake inalibe.

Dothi linali ngati mwala. Mvula inali isanagwe chaka chonse, ndipo khasu linkangodumpha n'kumandibwezera m'mapewa. Tinkasinthana. Belita ankamenya katatu n'kukhala pansi, ine n'kulandira. Pofika m'mawondo manja anga anali atatuluka matuza, ena ataphulika. Sindinkamva kuwawa. Ndinkangoona magazi pa mpini.

Belita anali atakhala m'mphepete mwa dzenje, mwendo umodzi uli mkati, dzanja lili pa mphasa ija.

"Alembedwa?" anafunsa.

"Alembedwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo kutsidya chitsulo chinayamba kulira, kuitanira anthu ku mapemphero a masana. Amayi aja anali chapatali anayang'anana.

"Pitani, achemwali," anatero Belita. "Mungachedwe ku mgonero. Akamva kuti mwagwira khasu lero, akudulani."

Ndinamvetsera chitsulo mpaka chinasiya. Dzenje linali likadali losaya, loti galu akhoza kufukula.

"Sunthani mwendo," ndinatero, "ndikumbe mbali iyo."